Amene muli ndi pulinta ya 3D ya bedi lalikulu tandiuzeni zoona ndisanataye ndalama

Bambo a Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna amene makinawa anawagwirapo ndi manja, osati zongomva. Panopa ndili ndi ka pulinta ka Ender 3 kaja ka mamilimita 220 x 220 x 250, kandithandiza ndithu pa tinthu ting'onoting'ono, ma bracket, tizivindikiro, zidole za ana, koma mtima wanga tsopano uli pa zikombole za miphika ya maluwa ya simenti, ikuluikulu ija yoika pakhonde, ndiyenso mayi akunyumba akhala akundivuta za ma shade a nyale apabalaza. Nde ndakhala ndikuyang'ana Neptune 4 Max ya Elegoo, 420 x 420 x 480, komanso Kobra 2 Max ya Anycubic imene mmwamba imafika 500. Mtengo wake ukauona pa intaneti sukuopsa kwenikweni ukayerekeza ndi kukula kwake. Pali chimene sindikuchiona apa?

Che Amidu:
Chimene simukuchiona ndi magetsi achimwene kkkk tiyambire pamenepo

Bambo a Tadala:
Inveta ndili nayo Che Amidu

Che Amidu:
Ya mabatire angati, ndipo mwakolekako chani kale? Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire ya 12V 100Ah papepala ndi ma watt-hour 1200, koma ngati ili ya lead acid simuyenera kuikhetsa kupitirira theka apo ayi ikufa msanga, nde zenizeni muli ndi 600. Tsono tingoyerekeza kuti makina anu akudya ma watt 200 bedi, chitsulo chopulintirapo chija, litatentha kale, amenewo ndi maola atatu basi, fuliji ndi TV tisanaziwerengere, ndipo poyamba penipeni potenthetsa bedi amakoka kuposa pamenepo. Bedi la 220 ndi ma square cm 484, la 420 ndi 1764, chitsulo chimenecho chakula kupitirira katatu ndi theka ndipo chikutaya kutentha mbali zonse mpaka ntchito ithe. Ka Ender kanu kamapulumuka chifukwa tinthu take timatha maola awiri atatu, mumangoona kuti lero ayaka nkukayatsa. Chikombole cha mphika wa pakhonde ndi tsiku lathunthu ndi usiku wake, mwinanso masiku awiri. Kwanuko magetsi amakhala maola 40 osaphethira?

Wa ku Chipata:
Apa Che Amidu alasa. Kuno mu 2024 madzi atachepa ku Kariba tinafika pomaona magetsi maola atatu patsiku, nthawi zina amabwera anthu tili mtulo. Makina aakulu nyengo ngati imeneyo ungowafunditsa nsalu basi

Mphwanu Yami:
Koma akuluakulu makina atsopanowa si amapitiriza okha pomwe analekeza magetsi akabwera? ndinaona zalembedwa pa bokosi

Wa ku Leeds:
Zalembedwadi mphwanga koma tamvera mmene zimakhalira. Makina amasunga pa memory card pomwe afika, magetsi akabwera amakufunsa ngati ukufuna kupitiriza, mpaka apa zabwino. Vuto lili pa bedi. Chi plate cha pamwamba pa bedi chokutidwa ndi pulasitiki ya PEI chija anachipanga dala kuti chikazizira chinthu chizimatuka chokha, nde magetsi akazima maola asanu bedi lazizira, chinthu chako chamasuka pansi, nozzle, kamphuno kolavula pulasitiki kaja, ikangochikhudza chikusuntha ndipo mawa upeza zingwe zokhazokha zalendewera. Olo chisamatuke, pamene panazimira magetsi nozzle inali yotentha itakhala pamalo amodzi, pamatsala chotupa ndi mzere wofooka kuzungulira chinthu chonse, ndipo pothyoka chimathyokera pomwepo. Chinanso, Klipper yeniyeni, pulogalamu yoyendetsa mapulinta ambiri atsopano, ilibe zopitirizazi, makampani amene amaiika mmakina awo amachita kuwonjezera okha aliyense mwa njira yake.

Zikakanika njira ilipo ya tonsefe amphawi, umayeza ndi caliper kutalika kwa chimene chatuluka, nkukadula model pa msinkhu womwewo mu slicer, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera model kuti ipulintidwe, nkupulinta gawo lotsalalo palokha kenako kumata. Zimatheka, koma taonani kuti pamenepo mwabwerera pomata zidutswa, zimene mumathawa pogula makina aakulu

Che Amidu:
Ndiwonjezere kaye ndisanaiwale, aliyense amene akuitanitsa makina kunja. Ma power supply ambiri a makinawa ali ndi ka switch kofiira mmbali kolembedwa 115 ndi 230. Musanalowetse pulagi mkhoma muyang'ane kaye kuti kali pa 230, kwathu kuno ndi 230V. Kakakhala pa 115 mumva phuu ndi fungo basi. Ndipo inveta ikhale ya pure sine, jenereta yopanda AVR, kachipangizo kokhazikitsa ma volt kuti asamadumphe, musayerekeze

Bambo a Tadala:
Chabwino za magetsi ndamva, tinene kuti ndawonjezera batire ya lithium ndi sola. Koma nthawi imene mukunenayo siikuchulukitsidwa? Makina onse awiri ndatchulawa alemba kuti amathamanga 500 mm pa sekondi, ka Ender kanga ndimakayendetsa pa 50

Wa ku Leeds:
Achimwene apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, ndilembe motalikirapo pepani. Liwiro la pulinta si kuthamanga kwa mutu uja, ndi kuchuluka kwa pulasitiki imene hotend, kamutu kosungunulira kaja, ingasungunule pa sekondi imodzi. Masamu ake ndi ophweka, kukhuthala kwa layer kuchulukitsa ndi kufutukuka kwa mzere kuchulukitsa ndi liwiro. Layer ya 0.2, mzere wa 0.4, pa 500 mm pa sekondi zikupereka ma cubic mm 40 pa sekondi. Hotend wamba ngati ya pa Ender kapena V6 ya E3D imathera cha mma 12 mpaka 15, zija zotalika mphuno ngati Volcano zimafika cha mma 25 mpaka 30. Nde 500 ija ndi ya pa chikwangwani, mutu ungaifike pa mzere wautali wowongoka koma pulasitiki siikhala itasungunuka mokwanira, muyamba kumva extruder, kamota kokankha pulasitiki, ikugogoda tak tak tak ndipo khoma lituluka lobowokabowoka.

Tsono tiwerengere kilo imodzi ya PLA, pulasitiki yopulintira imene ambiri amagwiritsa ntchito. Density yake ndi 1.24, kutanthauza kuti kilo ndi ma cubic cm pafupifupi 806, pa filament, chingwe cha pulasitiki chimene makina amadya, ya mamilimita 1.75 ndi mamita cha mma 330. Pa 12 pa sekondi kilo imeneyo ikufuna maola pafupifupi 19 nozzle ikulavula osapuma, ndipo siilavula osapuma, imayenda maulendo opanda kanthu, imachedwa mmakona. Pa 30 ndi maola 7 ndi theka. Mkati mwa Ender ndi malita 12, mkati mwa 420 x 420 x 480 ndi malita 84 ndi kanthu, kasanu nkawiri. Ndipo kumbukirani kuti chinthu mukachikulitsa kawiri mbali zonse, khungu lake lakula kanayi, mkati mwake kasanu nkatatu.

Mbiri yake ili chonchi, patent ya Scott Crump wa Stratasys, ya njira yopulinta posungunula pulasitikiyi, itatha mu 2009 anthu a RepRap, ntchito ija anaiyambitsa Adrian Bowyer ku Bath mu 2005, anapeza danga ndipo makina otchipa anasefukira. CR-10 ya Creality itatchuka cha mu 2017 ndi 300 x 300 x 400 aliyense anaona kuti kutalikitsa zitsulo za aluminiyamu ndi malamba sikudula, mpaka anatulutsa S5 ya 500 mbali zonse, koma kamutu kosungunulira kanali komweko ka makina aang'ono. Ndi chi poto cha pamaliro chotereka pa kambaula ka mbeta. Atsopanowa ndisanamizire anawonjezerako mphamvu ya hotend, koma malire akadali pomwepo. Makina aakulu ndi nozzle ya 0.4 ndi kudzizunza, amafuna 0.8 kapena 1.0 ndi ma layer a 0.4 kupita mtsogolo, ndipo mukatero mizere imaoneka ndi maso muli chapatali

Naphiri:
Iii koma abambo inu mwawaopseza a Tadala mpaka kkkk. Ine a 420 ndili nawo ndipo sindikudandaula. Ma shade a nyale amene mayi akufunawo ndi ntchito yeniyeni ya makina amenewa. Ndimapulinta mu vase mode, khoma limodzi lokha lozungulira kukwera mmwamba osadukiza, nozzle ya 0.8, pulasitiki ya PETG yoonekera mkati ija, shade ya masentimita 40 ndikayamba mmawa masana yatha ndipo filament siifika ndi theka la kilo lomwe. Tandiuzani a ku Leeds, shade mungaidule zidutswa nkumata? Babu ikangoyaka mzere wa guluu uja ukuonekera chipinda chonse. Mizere ikuluikulu imene mukuinyozayo pa nyale ndi imene imakongoletsa, anthu amafunsa kuti mwaluka bwanji. Mabasiketi a zinyalala, miphika ya maluwa ya mnyumba, zonsezi vase mode kapena makoma awiri opanda infill yodzaza mkati ija, sizitenga maola 40 ayi.

Babu ikhale LED yokha, zakale zija zotentha zikhotetsa pulasitiki

Wa ku Leeds:
Pa shade ndagonja achemwali, pamenepo palibe chomata

Naphiri:
Koma a Tadala ndikuuzeni zimene pa video sakuonetsani. Choyamba malo. Makina amenewa bedi ndi limene limayenda kutsogolo ndi kumbuyo, nde bedi la 420 likufuna danga pafupifupi mita yathunthu kuchokera kukhoma, ndipo tebulo la mapulanga opepuka limavina nawo limodzi, anga ndinawatsitsa ali pansi pa simenti pakona. Layer yoyamba ndi imene imadya mtima. Pa bedi laling'ono likapindika pang'ono simuzindikira nkomwe, pa 420 pakati pakhoza kugwira bwino kukona nozzle ikuyenda mmalere. Ka sensor koyeza bedi kamathandiza koma muzilisiya bedi litenthe kaye mphindi 15 kapena 20 musanayeze chifukwa aluminiyamu ikamatentha imafutukuka nkusintha, mukayeza lozizira mwayeza bodza. Ine layer yoyamba sindichokapo, ndimakhala pompo ndi tochi mpaka ithe.

Nyengo ya chiperoni kuno ku Blantyre kamphepo kakangolowa pawindo makona a chinthu chachikulu amadzuka, pamwamba pakuzizira nkukhwinyata pansi pakadali potentha, ndipo chikatalika mbali mphamvu yokoka ija imachulukanso. Ndimatseka mawindo, brim yotambalala, kamphepete kogwiritsa chinthu pa bedi kaja, guluu wa ana asukulu wopaka uja pa plate. Pa PETG guluuyo amathandizanso kuti isamatirire mopitirira, chifukwa pa PEI yosalala kapena pagalasi imatha kuchoka ndi chibenthu cha bedi. China, zinthu zazitali zowonda zimagwedezeka kumtunda chifukwa bedi likuzikankha uku ndi uku, kuyambira cha pakati ndimachepetsa liwiro

Mmisiri wa ku Mchesi:
Ndakhala chete ndikuwerenga koma pa simenti pokha ndiloleni. Bambo a Tadala munayamba mwaumbapo mphika wa simenti?

Bambo a Tadala:
Ting'onoting'ono mmabigiri akulu, waukulu ayi

Mmisiri wa ku Mchesi:
Eya. Mphika wa pakhonde umakhala ndi mimba, pakamwa ndi pansi pochepa pakati potupa, kapena uli ndi maluwa ojambula mmbali. Mukauthira mu chikombole cha chidutswa chimodzi muutulutsa bwanji? Simenti siipindika. Chikombole chimayenera kukhala cha mapisi, awiri atatu anayi, omanga ndi mabauti kuti mawa lake mumasule chimodzichimodzi, ndipo chamkati chija chopanga dzenje chikhale chosongoka pang'ono kuti chizuke. Nde ngati chikombolecho mufune musafune chikhala cha mapisi, makina a chidutswa chimodzi mukuwafuniranji?

Chinanso konkire yaiwisi ndi yolemera, lita imodzi ndi makilo pafupifupi 2.4, ndipo mukamagogoda kuti mpweya utuluke imakankha makoma kwambiri cha pansi. Pulasitiki ya makoma awiri itupa ngati simunaimangire mapulanga kunja kapena kuikwirira mumchenga. Kuti ilimbe payokha mudzathira makilo angati a filament? Ine ndikanakhala inu bokosi ndikanakhoma la mapulanga kapena kuwotcherera la chitsulo, pulinta nkumangopangira timatailosi ta maluwa ta masentimita 20 tomangira mkati ndi masikuluwu. Timeneto ka Ender kanu kakwanitsa lero lomwe, ndipo kamodzi kakasweka mupulinta kamodziko basi. Mizere ya pulinta ija simenti imaigwira zolimba, mukwecheko ndi sandipepa ndipo muzipaka oilo musanathire

Bambo a Tadala:
Aaa akulu mwandigwetsa ulesi kkkkk ndimaona ngati ndingopulinta chi bigiri chimodzi basi

Mphwanu Yami:
Bwanji osangopulinta simentiyo ngati sukulu ya ku Salima ija kkk

Che Amidu:
Ija ndi nkhani ina mphwanga, anali a 14Trees, kampani ya Holcim ndi CDC Group, mu 2021, makoma anatha mmaola 18 ndi makina a COBOD a ku Denmark. Amenewo amabwera pa lole ndipo amalavula matope a simenti kudzera mpaipi, pabalaza pa a Tadala sangalowe

Mjomba wa ku Joni:
Inu mukukamba zopulinta makinawo asanafike nkomwe. Mtengo wa pa intaneti umene wakusangalatsaniwo ndi wa munthu wa ku America kapena ku Germany amene amamutulira pakhomo. Ndege siiwerenga kulemera kokha, imawerenganso kukula kwa katoni, ma courier ambiri amachulukitsa mbali zitatu mmasentimita nkugawa ndi 5000. Tinene katoni ya 70 x 70 x 40, mulipira makilo 39 olo pa sikelo ikhale 20. Kenako a MRA powerengera msonkho amaphatikiza mtengo wa katundu ndi wa mayendedwe omwe, nde mayendedwe akakwera duty ndi VAT zakweranso, osanena za forex kuti muipeza kuti. Ya pamadzi kudzera Dar kapena Beira ndi yotsikirapo koma mudikire miyezi. Kuchokera kuno pa basi kapena thiraki zimatheka, Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, koma muuze wonyamulayo kuti katoniyo asaisanjikize ndi matumba, plate ya aluminiyamu ya 420 ikapindika panjira palibe sensor ingakupulumutseni.

Ndipo ganizirani zosinthira. Za Ender zili paliponse, nozzle, malamba, tima wheel, kuno shopu iliyonse ya zimenezi ili nazo. Plate ya 420 kapena nozzle yautali yapadera ya makina amodzi okhawo muchita kuitanitsa nkudikira

Naphiri:
Pa zosinthira a Mjomba akunena zoona, ine pogula ndinaitanitsiratu ma nozzle angapo ndi thermistor, ka sensor koyeza kutentha, yapadera mkatoni momwemo. Koma chimene chimandidya ine si makina, ndi filament. Makinawo umagula kamodzi, filament mwezi ndi mwezi ndipo kilo iliyonse yakwera ndege kapena basi

Mphwanu Yami:
Nanga za mabotolo zija? Ndinawerenga za Polyformer, makina odula botolo la PET kukhala kalamba nkulikoka pa nozzle yotentha kukhala filament, anyamata ake Reiten Cheng ndi Swaleh Owais anapata nawo James Dyson Award mu 2022, ndipo nkhaniyo inayambira ku Rwanda chifukwa cha kudula kwa filament komweku. Mabotolo ali mbwee mu Mudi ndi mu Lilongwe River, sitingangotola?

Wa ku Leeds:
Zimagwira mphwanga ndipo pa tinthu tating'ono ndi zabwino kwambiri, uyesere. Koma pa makina aakulu werengera wekha, botolo lonse la malita 2 silifika ndi magalamu 60 omwe, uchotsepo khosi ndi tako lake zimene sizidulika bwino, chotsala ndi kachingwe kakafupi. Kilo imodzi ndi mabotolo makumi angapo, lililonse ulitsuke, uchotse guluu wa pepala lija, ulidule, ulikoke, kenako zingwezo uzilumikize kapena ukhale pompo kusintha nthawi ndi nthawi usiku onse. Komanso PET imafuna kutentha cha mma digiri 260, hotend imene ili ndi ka chubu ka PTFE kofika pa nozzle siiyenera kufika pamenepo, pakufunika ya chitsulo chokhachokha

Wa ku Chipata:
Ine funso langa ndi la dzuwa. Miphika ya maluwa mukaipulinta ya pulasitiki yomweyo osavutika ndi simenti, panja ikhala?

Naphiri:
Ya PLA ayi achimwene. PLA imayamba kufewa cha pa madigiri 60, nde yakuda itakhala padzuwa la Okutobala kapena mwaisiya mgalimoto yotseka magalasi mupeza yakhota pakamwa. Ku Chikwawa nde musayese nkomwe. PETG imapirira mpaka cha mma 80, pakhonde imakhala. Yeniyeni ya panja ndi ASA chifukwa dzuwa siliyiwononga msanga, koma ASA ndi ABS zimafuna bedi la 100 ndi makina otsekedwa mbali zonse, pa makina otseguka a 420 chinthu chachikulu chimang'aluka pakati chisanathe, komanso fungo lake si lopumira mchipinda chogona, muli styrene mmenemo

Che Amidu:
Bedi la 420 pa 100 digiri, mayunitsi anu muwatsanzike kkkk. Pa mfundo yomweyi ndi pomwe a Prusa anaganiza bwino pa XL yawo, bedi la 360 x 360 analidula timagawo 16 ndipo kumatentha tokhato timene pali chinthu. OrangeStorm Giga ya Elegoo ija ya 800 x 800 x 1000 nayo bedi lake lili mmagawo anayi. Kwa ife a makina wamba chimene mungachite ndi kumata insulation kunsi kwa bedi ngati mulibe kale, kutentha kusamathawire pansi

Mjomba wa ku Joni:
Giga imeneyo iyambe yalowa pachitseko

Wa ku Leeds:
Ngati mtima wakana ndithu kuti mukufuna zokulirapo, ine ndinganene kuti yang'anani CoreXY osati za bedi loyenda. Pa CoreXY mutu wokha ndi umene umathamanga, chinthu chanu chimangokhala phee kapena kutsika pang'onopang'ono, nde kutalika sikuchigwedeza ndipo makina sadya malo kutsogolo ndi kumbuyo, kuwatsekeranso mbali nkosavuta. Ine ndinamanga Voron 2.4 ya 350, koma imeneyo siigulitsidwa yomangamanga, umagula zipangizo nkumanga wekha waya ndi waya, ndi ya munthu amene kumangako kumamusangalatsa. Sovol SV08 anatengera pulani yomweyo, 350 x 350 x 345, imabwera pafupifupi yomangidwa. K1 Max ya Creality ndi 300 mbali zonse yotsekedwa kale. A Rat Rig a ku Portugal ali ndi V-Core mpaka 500. Kunena zoona 300 imakwana zinthu zambiri zimene anthu amafunira makina aakulu, chipewa cha mutu wonse cha munthu wamkulu chimalowa mu 300 bwinobwino

Naphiri:
Koma mitengo yake a ku Leeds muzitchulanso, inu mumalandira mapaundi kkk. Za bedi loyendazi tikuzigula chifukwa ndi zimene thumba likufika, ndipo ndi input shaping ya Klipper ija yoyeza kugwedera ndi ka sensor mizukwa ya mmakona inachepa kwambiri, si zakale zija

Wa ku Leeds:
Mapaundi ake ati achemwali, amathera lendi kkkk. Koma zoona, pa ndalama yomweyo bedi loyenda limakupatsa malo ambiri

Che Amidu:
Chimodzi chimene palibe wachitchula ndipo ndi chimene chimandiopsa ine monga wa zamagetsi. Ntchito ya maola 30 ndiye kuti makina akuyaka inu muli mtulo kapena muli kuntchito, chinthu cha madigiri 200 ndi kanthu chili mnyumba mwa ana. Onetsetsani kuti thermal runaway protection ndi yoyatsa, ija yozimitsa heater ngati thermistor yasolola. Tsegulani kabokosi ka board muone mawaya akuluakulu a bedi, ngati nsonga zake anazipaka mtovu nkuzimanga pa sikuluwu, dulani muike ma ferrule, timachubu ta chitsulo topanira nsonga za waya, chifukwa mtovu umaphwanyika pang'onopang'ono waya nkukhwepa nkuyamba kutentha. Waya wa bedi loyenda umapindika kambirimbiri pa print imodzi, muziuyang'ana pomwe walowera. Ka alamu ka utsi pamwamba pake, ndipo makatani ndi makatoni kutali

Bambo a Tadala:
Nde ngati ndikhale kaye ndi kakang'onoka, kumata kwabwino ndi kotani? Zanga ndikamata ndi super glue mzere umaoneka ndipo mapisi sakumana bwino

Wa ku Leeds:
Musamadule pamanja, PrusaSlicer kuyambira 2.6 ili ndi chodulira chimene chimakuikirani tizikhomo ndi mabowo ake pomwe mwadulapo, OrcaSlicer nayo ili nacho, nde mapisi amalowana okha osasemphana. Dulani pomwe pali kona kapena mzere kale kuti diso lisaone. Nkhope zokumanazo muzikweche pa sandipepa yoyala pagalasi kuti zikhale fulati. Super glue imagwira PLA bwino, pofuna mphamvu epoxy ya machubu awiri ija, ndipo mkati mosaoneka mutha kuwotcherera ndi soldering iron mukudyetsa kachidutswa ka filament yomweyo. Ubwino wina wa mapisi, lililonse mumaligoneka mmene lingalimbire komanso mosafuna ma support ambiri, mizati yochirikiza imene mumaichotsa pomaliza, pomwe chinthu chathunthu chimodzi ma support okha amatha kudya kota ya spool nkukathera kudzala

Mmisiri wa ku Mchesi:
Kunja pakani body filler ya ma panel beater ija, kwechani, primer, penti. Palibe adzadziwe kuti munali mapisi

Wa ku Chipata:
Nthawi ya mvula filament yanga imathetheka pa nozzle ngati muli madzi, ndi makina kapena?

Naphiri:
Ndi madzidi achimwene, yamwa chinyezi, PETG nde imamwa msanga kuposa PLA. Muziisunga mu ndowa ya chivindikiro chothina ndi timapaketi ta silica. Yanyowa kale muiumitse, ine ndimaigoneka pa bedi la pulinta nkuvindikira katoni yoboola pamwamba, PLA pa 45 mpaka 50, PETG pa 60 mpaka 65, maola angapo. Apa nde bedi lalikulu limandikomera, ma spool anayi amakwana nthawi imodzi. Mu uvuni wa kukhitchini musaike, umadumpha kutentha mupeza spool yonse yagwirana

Bambo a Tadala:
Chabwino ndamva nonse. A Mjomba mukamabwera mundigulireko nozzle ya 0.8 ndi ya 0.6 za Ender ndiyambe ndaona timatailosi ta a Mmisiri. Achemwali a Naphiri ma shade awiri a mayiwa mungandipulintire inuyo ndikulipirani? Ndikufunanso ndidzaone makinawo akugwira ntchito ndi maso anga, za kugula sindinazitaye

Wa ku Leeds:
0.8 pa hotend ya Ender musathamange nayo, layer 0.4 mzere 0.8 ndi 0.32, nde pa 35 mm pa sekondi mwafika kale 11. Yambirani pa 30, kutentha mukweze ndi madigiri 10, ndipo mu slicer musinthe kukula kwa nozzle apo ayi mudzatukwana a Mjomba kuti agula yabodza

Naphiri:
Bwerani Loweruka ngati ayaka, koma filament mubwere nayo yanu ndipo ikhale youma. Munditumizirenso kukula kwa ka ring ka holder ya babu yanu, zimasiyana

Mjomba wa ku Joni:
Ndinyamuka kumapeto a mwezi. Amene akufuna filament anene pano mtundu ndi makilo, koma osapitirira awiri munthu mmodzi, chikwama changa chilinso ndi katundu wa alamu anu

Wa ku Chipata:
PETG yakuda iwiri a Mjomba, ndidzaitengera ku Mchinji